Mwana akuimba ba-be-bi-bo-bu koma kuwerenga kukumukanika: muyambire pati?

Chaka chilichonse, teremu yoyamba isanafike pakati, ndimalandira dandaulo lomweli. Amabwera nalo ndi mayi, wakhanda ali kumsana, wamkuluyo atamugwira padzanja: "Aphunzitsi, mwanayu kunyumba amaimba a, e, i, o, u mpaka tonse kumuletsa. Ba be bi bo bu amatha bwinobwino. Koma ndikamupatsa kapepala kuti andiwerengere, amangondiyang'ana kumaso." Ena amamaliza ndi mawu amene amandibaya mumtima: "Kapena ndi wogona basi, watengera kwa atsibweni ake."

Ana ambiri otere si ogona ayi. Kuwerenga kuli ngati unyolo wa njinga: ukaduka umaduka pamalo amodzi, ndipo wokonza wanzeru amayamba wafufuza pamene padukapo. Ife timalakwitsa pobwerezera mwana tsamba lonse kakhumi, chonsecho vuto lake lili pa kanthu kamodzi.

Ndinali ndi mtsikana wina mu sitandade 2 amene ndinkamuyesa katswiri wa kalasi. Tikatsegula buku, mawu ake ndiwo ankamveka pamwamba pa anzake onse. Tsiku lina ndinalemba mawu atatu a patsamba lomwelo pachidutswa cha katoni, ndi kumuitana yekha panthawi yopuma. Anaika chala pa mawu oti "moto", koma pakamwa pake panatuluka chiganizo chonse choyamba cha tsambalo, mwanthetemya ngati akuimba kwaya. Nditaloza "mo" ndi kufunsa kuti apa pokha pakuti chiyani, anayang'ana kudenga, misozi ili lengelenge. Anali ataloweza buku lonse ndi khutu. Zinandiwawa, chifukwa miyezi iwiri yathunthu ndinkamuyamikira pa chinthu chimene sankatha, ndipo iye ankadziwa mumtima mwake kuti sakutha.

Zoterezi n'zosavuta kuchitika kwathu kuno. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana m'sukulu anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni ndi kuposerapo m'chaka chimodzi, ndipo mpaka lero si zachilendo kupeza ana oposa 100 m'kalasi imodzi ya sitandade 1. M'kalasi yotere timadalira kuwerengera pamodzi mokweza, ndipo m'chinamtindi cha mawu amenewo mwana wosadziwa amabisala bwino kwambiri. Kafukufuku wa EGRA, woyesa luso la kuwerenga la ana a m'makalasi oyambirira, wa mu 2010 anapeza kuti ana ambiri oyamba sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale mawu amodzi a kankhani kachichewa. N'chimodzi mwa zifukwa zimene boma linayambitsira National Reading Programme, ndondomeko yophunzitsira ana kuwerenga m'dziko lonse, mu 2016. Mabuku ndi njira zinasintha, koma mwana wobisala uja akadalipo, ndipo womupeza ndi inu ndi ine.

Muyeseni ali yekha

Mphindi khumi zikwana. Khalani naye pansi pa mtengo kapena pakhonde, pomwe palibe anzake omuseka, ndipo buku la kusukulu likhale lotseka. Choyamba musamuonetse lembo lililonse: tchulani mawu oti "mutu" ndi kumufunsa liwu limene akulimva poyamba. Kenaka muonetseni malembo khumi osakanizidwa, osati mwa ndondomeko ya alifabeti. Akatha, maphatikizo osakanizidwa: ki, mo, ta, nu, me. Akatha, mawu afupiafupi amene sali m'buku lake. Akathanso, kankhani ka ziganizo zinayi kamene mwalemba nokha, ndi mafunso awiri. Pamene wayamba kudodoma, imani pomwepo. Ndi pamene padukapo, ndipo zonse za patsogolo pake zidikire kaye.

Musanapitirire, onetsetsani makutu ndi maso. Imani kumbuyo kwake ndi kumuitana monong'ona, uku ndi uku. Mwana amene khutu limatuluka mafinya kawirikawiri, kapena amene anadwalapo malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi, akhoza kukhala kuti samva bwino ndipo palibe amene anazindikira. Amene amatsinzinira poyang'ana pa bolodi, kapena kugunditsa mphuno pa kope, apite kuchipatala akamuone maso. Ndipo mwana amene wabwera m'mimba muli pululu sangagwire kanthu. Amene timaphunzitsa m'sukulu zolandira phala timaona tokha kusiyana kwa ola la phala lisanafike ndi la pambuyo pake.

Ngati samva maliwu a m'kati mwa mawu

Mwana amayamba kulankhula osadziwa kuti mawu amagawika. Kwa iye "nsima" ndi chakudya basi, osati "nsi" ndi "ma". Kuti adzawerenge ayenera kuyamba wamva zidutswazo, ndipo izi zimaphunzitsidwa popanda choko kapena pepala. Ombani m'manja potchula maina a anthu a pakhomo, kuomba kumodzi pa phatikizo lililonse. Mufunseni kuti ndi zinthu ziti m'khitchini zimene zimayamba ngati "mbale": mbaula, mbatata, mbiya. Nenani inu "chi... ma... nga" mwapang'onopang'ono, iye anene mawu onse. Ndi masewera oti mukhoza kuchita popita kuchigayo.

Chichewa chili ndi msampha wake apa. Kusiyana kwa "pala" ndi "phala", "kola" ndi "khola", "kama" ndi "khama" ndi kamphepo kochepa chabe kotuluka pakamwa. Mwana amasiyanitsa bwino polankhula, koma polemba amasiya h chifukwa sakudziwa ntchito yake. Muuzeni aike chikhato patsogolo pa milomo anene "pala", kenaka "phala". Akamva kamphepo kaja kakumugunda m'dzanja, muuzeni kuti h ndi chizindikiro cha mphepo imeneyo. Ndaona ana akuseka ndi chimwemwe pa kanthu kameneka, n'kumayesa okha mawu ena tsiku lonse.

Ngati akusokoneza malembo

Apa gwero lalikulu masiku ano ndi nyimbo ya ABC. Ana ambiri, makamaka m'tauni, amafika mu sitandade 1 atadutsa ku mkombaphala kumene anaphunzira maina a malembo a Chingerezi. Ndiye lembo a amalitchula "ei", lembo e amalitchula "i", lembo i amalitchula "ai". Mwana wotere mukamupatsa mawu oti "ine" amasokonezeka kotheratu, chifukwa zimene akudziwa zikutsutsana ndi zimene mukumuuza. Sindikunyoza Chingerezi, adzachifuna. Koma muuzeni poyera kuti lembo lili ndi dzina komanso lili ndi liwu, monga momwe galu alili ndi dzina koma kulira kwake n'kwina, ndipo powerenga Chichewa timatsata liwu. Mwayi wathu ndi woti m'Chichewa malembo a liwu asanu aja sasinthasintha: a ndi a paliponse, pomwe m'Chingerezi lembo lomwelo limamveka mosiyanasiyana.

Kusokoneza b ndi d, kapena n ndi u, n'kofala kwa ana a zaka zisanu ndi chimodzi kapena ziwiri, ndipo pakokha si matenda. Mpando ukhala mpando ngakhale muutembenuze, ndiye mwana amafunika nthawi kuti avomereze zoti lembo likatembenuka lasanduka lina. Musaphunzitse awiriwo sabata imodzi. Agwire b kaye, alilembe pamchenga ndi chala, aliumbe ndi dongo, akulitchula. D abwere b atakhazikika.

Ngati maphatikizo amawadziwa koma mawu osatuluka

Ili ndilo vuto la mayi uja, ndipo ndi limene ndimakumana nalo kwambiri. Ndichedwapo pang'ono.

Mndandanda wa ba be bi bo bu ndi nyimbo, ndipo mwana akhoza kuimba nyimbo asakuyang'ana chilichonse. Mukaloza "bo" pakati, amayamba chamumtima kuchokera pa "ba" mpaka afike pamene pali chala chanu. Mudzamuona milomo ikugwedezeka. Choncho chinthu choyamba ndi kuphwasula nyimboyo. Tolani zitsekerero za mabotolo, kapena dulani katoni tizidutswa, ndi kulemba phatikizo limodzi pa chilichonse. Ikani m'chitini, gwedezani, atole chimodzi ndi kuchitchula. Masiku oyamba adzakhumudwa chifukwa zimene ankaziyesa zophweka zamuthawa. Yambani ndi zitsekerero zisanu zokha.

Chachiwiri, tadzimverani nokha momwe mumatchulira malembo opanda liwu. Ambiri a ife timati "mu" potchula m, ndi "ku" potchula k. Ndiye tikauza mwana kuti aphatikize m ndi a, iye amamva "mu-a" ndipo akulondola, ndi zomwe tamuuza. Tsekani milomo munene "mmm" wopanda china, mukokere mpaka alowe mu "a" osadukiza mpweya: "mmma". Yambani ndi malembo okokeka monga m, n, s ndi l. Malembo monga k, t ndi p sakokeka, abwere mwana atagwira kale nzeru ya kulumikiza.

Aphunzitsi anzanga a makalasi aang'ono amaudziwa mndandanda uja timautcha anikumeto: a, n, i, k, u, m, e, t, o. Ubwino wake ndi woti malembo amenewa amapezeka kwambiri m'Chichewa, moti mwana sadikira kumaliza alifabeti yonse kuti ayambe kuwerenga zenizeni. Ndi malembo asanu ndi anayi okhawa amawerenga "ana", "ine", "mutu", "moto", "mano", "kuno", "atate", ngakhale chiganizo chathunthu: "Atate akumeta ana." Makolo mukhoza kuchita chimodzimodzi pakhomo.

Tsopano ikani zitsekerero ziwiri motalikirana, "ma" ndi "no". Azitchule. Zisendezeni pafupi, azitchulenso mofulumirako. Zigundanitseni. Nthawi zambiri pamakhala kachete pang'ono, kenaka nkhope imawala: "Mano!" ndipo amaloza m'kamwa mwake. Musamulande kachete ameneyo pomuuza yankho, ndi pomwe ntchito yonse ikuchitikira. Akapeza, chotsani "ma" muikepo "mo": mono, wogwirira nsomba uja. Chotsani "no" muikepo "to": moto. Kusintha kachidutswa kamodzi kumamukakamiza kuyang'ana malembo, sangalote. Mtsikana wanga uja tinayenda naye njira imeneyi, mphindi khumi tsiku lililonse anzake akusewera fulaye, ndipo teremu isanathe anandiwerengera zolembedwa pa paketi ya shuga popanda womuuza.

Maphatikizo a malembo awiri akakhazikika, phiri lotsatira ndi la malembo ambiri. Mawu oti "nkhwangwa" ali ndi malembo asanu ndi anayi koma maphatikizo awiri okha. Musamuponyere "nkhwa" lonse kamodzi. Mangani ngati khoma: ka, kha, nkha, nkhwa. Chimodzimodzi cha, tcha, ntcha, mpaka adzafike pa "ntchito" ndi "ntchentche". Muuzeni chinsinsi chimene chimathandiza kwambiri: phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu, ndiye akafuna podula mawu aatali, adule akangodutsa a, e, i, o kapena u. Chosiyana ndi m uja amaima payekha, monga mu "mtengo" ndi "mkaka", amene timamutchula ngati phatikizo lakelake. Kankhodolero ka mu ng' nakonso kafotokozeni, musangokadumpha: "ng'oma" ndi yoimba, "ngoma" ndi nyama ya m'tchire.

Za l ndi r musalimbane naye msanga. Lamulo la kalembedwe limati r amabwera pambuyo pa e ndi i, monga mu "lero" ndi "mbiri", koma pakamwa ambiri sitisiyanitsa. Mwana wa sitandade 1 akalemba "lelo" wamva bwino ndipo walemba zomwe wamva. Muyamikireni kaye, lamulolo adzaliphunzira.

Ngati amawerenga koma modukizadukiza

Mawu athu ndi aatali. "Sindinawaphikire" ndi mawu amodzi a maphatikizo asanu ndi awiri, ndipo mwasenza munthu, kukana, nthawi, anthu ophikiridwa ndi ntchito yomwe. Mwana wowerenga mochedwa akamafika pa "re" amakhala ataiwala "si", ndiye tanthauzo latembenuka. Mutu wa munthu umasunga zinthu zochepa panthawi imodzi. Mphamvu zonse zikathera pa kuphatikiza, sipatsala zomvetsera nkhani.

Mankhwala ake ndi kuwerenga kawirikawiri zinthu zosavuta. Sankhani kandime kamene amalakwitsa mawu amodzi kapena awiri okha. Muwerengereni inu kaye, muwerenge naye limodzi, kenaka awerenge yekha, chala chili pansi pa mawu. Abwereze katatu kapena kanayi, osapitirira apo, chifukwa akapitirira wayambanso kuloweza. Mawa kandime kena ka maphatikizo omwewo. Kuti mutsimikize kuti akuwerengadi, lozani mawu a pakati kapena muyambitseni chiganizo chomaliza. Muphunzitseninso kuzindikira msanga tizidutswa tobwerabwera monga ndi-, ku-, -na-, -dza-, -ma-, kuti asamationa ngati tachilendo nthawi iliyonse.

Ngati amawerenga mosadodoma koma osamva kanthu

Uyu amanamiza aliyense, chifukwa pomumvera palibe cholakwika. Mufunseni kuti kalulu anathawiranji, angoti duu. Mu 1986 akatswiri awiri, Philip Gough ndi William Tunmer, anafotokoza kuti kumvetsa zowerenga kumaima pa miyendo iwiri: kutha kutchula zolembedwa, ndi kumva chilankhulocho. Mwendo umodzi ukasowa, palibe kuyenda. Kuti mudziwe mwendo wovuta, muwerengereni inu nkhani yomweyo ndi kumufunsa mafunso. Akalepheranso, vuto si malembo koma chilankhulo.

Apa tikumbuke kuti ngakhale Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko mu 1968, si mwana aliyense amene amachiyamwira. Wa ku Rumphi madzi amati maji, wa kumidzi ya ku Mangochi amati mesi, ndipo wa ku Nsanje amafika pasukulu ndi Chisena. Mwana wotere akhoza kuphatikiza "chitsime" molondola osadziwa kuti n'chiyani. Kumuletsa chilankhulo cha kwawo n'kumuthyola mwendo womwe ali nawo. Musanawerenge nkhani, sankhani mawu atatu kapena anayi ovuta, muwafotokoze ndi chinthu chenicheni, chithunzi, kapena m'chilankhulo chake, ndipo ngati inu simuchidziwa mwana mnzake akuthandizani.

Ngakhale kwa Achewa enieni, mawu amachuluka m'mutu mwa mwana amene amalankhulitsidwa. Nthano za madzulo zija, wina akuti "Padangokhala" ena akuvomera "Tili tonse", zimaphunzitsa mwana kutsata nkhani kuchokera poyamba mpaka pothera, kusunga m'mutu amene wachita chakuti, ndi kulota zimene zichitike. Ndagi nazo zimamuzoloweza kufunafuna tanthauzo lobisika. Agogo amene sanapiteko kusukulu ali ndi gawo lalikulu pano kuposa momwe amadziwira. Ndipo powerenga, zolowerani kuima pakati ndi kufunsa: "Ukuganiza kuti achita chiyani tsopano? Mtengo akunena apawu ndi wa zipatso kapena wa pamsika? Wadziwa bwanji?" Mwana aphunzire kuti zolembedwa zimayenera kumveka, ndipo zikapanda kumveka abwerere.

Chifukwa chake vutoli limabwereranso

Mwana amatha kuwerenga mu July, n'kubwera mu September ataiwala theka. Luso longophuka kumene limafota likakhala miyezi iwiri osagwiritsidwa ntchito. Kujomba nakonso kumadula unyolo: wajomba masiku a msika kapena sabata ya mvula, malembo atatu amudutsa, ndipo palibe wobwerera naye. M'sukulu zina mabuku amakhala otsekeredwa m'kabati kuopa kuti ang'ambika. Ine ndimati bola buku long'ambika m'manja mwa mwana. Pakhomo popanda buku, zowerenga zilipo: chikwangwani cha pagolosale, mawu a kumbuyo kwa minibasi, buku la nyimbo la kutchalitchi, uthenga wa pafoni wochokera kwa azakhali. Mutumeni alembe zokagula kumsika, ngakhale alakwitse.

Chimene chimabwezera mwana m'mbuyo koposa zonse ndi mantha. Wokwapulidwa chifukwa cholakwitsa amaphunzira kukhala chete kapena kulota msangamsanga kuti zimuchoke. Katswiri wina, Keith Stanovich, mu 1986 momwemo, anayerekeza zimenezi ndi mawu a pa Mateyu 25:29, oti amene ali nazo adzamuwonjezera. Wowerenga bwino amakonda kuwerenga, ndiye amawerenga zambiri n'kumapitirira; wovutika amathawa buku, ndipo mpata pakati pa awiriwo umakula chaka ndi chaka. N'chifukwa chake sindivomereza mawu oti "adzadziwa akakula". Kumubwerezetsa kalasi popanda kupeza pamene padukapo n'kumudutsitsanso njira yomwe inamulephera.

Aphunzitsi a kalasi ya ana 100 mudzati nthawi ya zonsezi ili kuti. Ndikudziwa. Chimene ndimachita ine ndi kuyesa ana asanu patsiku, moti pakutha pa mwezi ndawamva onse mmodzimmodzi. Ndimalemba m'kope pamene aliyense waima, ndi kuwakhazika m'magulu motsata vuto lawo, osati motsata nzeru. Odziwa kale amagwira chitini cha zitsekerero ndi kuthandiza anzawo pamene ine ndili ndi gulu la m'mbuyo kwambiri.

Mukayesa zonsezi osaona kusintha

Pali ana ena ochepa, anzeru bwinobwino pa kulankhula, masamu a pamtima ndi ntchito za manja, amene maliwu ndi malembo zimawavuta kulumikiza ngakhale aphunzitsidwe bwino. Lembo limene analigwira dzulo, lero latayika. Vutoli limatchedwa dyslexia, nthawi zambiri limayenda m'banja, ndipo si ulesi, si kulodzedwa. Ngati mwachita naye mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu tsiku lililonse kwa teremu yathunthu, makutu ndi maso zili bwino, sukulu sajomba, koma akadali pomwe paja, pitani kwa aphunzitsi aakulu mukapemphe kuti akulumikizeni ndi a PEA, alangizi a zamaphunziro a pulayimale a m'dera lanu. Iwo amadziwa kumene kuli mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, mwa aja amaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Popita tengani makope ake, buku lake la kuchipatala, ndi kapepala kamene mwalembapo malembo ndi maphatikizo amene amawatha, amene amamuthawa, ndi tsiku limene munayamba kumuthandiza.